Zala Zimene Ababa Anabwereka

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7, chaka chimene Ababa anasiya kumva kanthu m'zala zawo. Tinkakhala ku Area 25, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika: ine, Ababa, Amama ndi azing'ono anga awiri, amene m'nkhani ino alibemo mbali kupatula kudya ndi kulira. Kwathu kwenikweni ndi ku Mangochi, koma ine ndinabadwira m'tauni, ndipo Chiyao changa chinali chongokwanira kupereka moni ndi kuzindikira ndikamakalipiridwa.

Anthu a m'dera lathu sankaidziwa bwino ntchito ya Ababa. Ena ankati ndi mlonda, ena ankati anali msilikali kale, ndipo mayi wina wogulitsa makala ankauza anzake kuti Che Saidi amasula mfuti. Zonsezi zinali zabodza. Ababa ankagwira ntchito pa kalabu ya anthu owombera chandamale, pa famu ina kunja kwa mzinda. Kumeneko madokotala, eni mafamu ndi amalonda okhala ndi ziphaso za boma ankasonkhana Loweruka n'kumawombera mapepala ojambulidwa mizere yozungulira. Amama ankati amenewo ndi masewera a anthu okhuta. Zipolopolo zatsopano zinali zovuta kupeza, choncho makoko amkuwa otsala munthu akawombera sankatayidwa. Ankatoledwa, kutsukidwa ndi kudzazidwanso, ndipo wodzazayo anali Ababa, m'kachipinda ka chitseko chachitsulo ndi maloko awiri. Anagwira ntchito imeneyi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, koma kunyumba sanabwere ndi kanthu ngakhale tsiku limodzi, ngakhale khoko lopanda kanthu loti tiseweretse.

Makina awo ndinawaonapo kamodzi, ndili pakhomo pa kachipindako, tsiku la phwando la ana a antchito. Anali omangirira pa benchi, okhala ndi mkono wautali wokokera pansi. Pamwamba pake panali chitsulo chozungulira chokhala ndi mabowo, chimene Ababa ankachitcha mutu, ndipo m'bowo lililonse munkakhala chipangizo cha ntchito yakeyake. Munthu amakoka mkono, n'kutembenuza mutu, n'kukokanso, mpaka chipolopolo chatha. Ababa ankati ubwino wa makina a mtundu umenewu ndi woti sumataya nthawi kumasula ndi kumanga zipangizo pakati pa ntchito, ndipo kuipa kwake kuli pomwepo, chifukwa chinthu chimene chimazungulira chimathanso kugwedera. Mutu ukamanyamuka pang'ono pokha pamene mkono wakanikiza, zipolopolo zimatuluka zosiyana kutalika, zina zopendekeka moti diso silingaone. Zonse zimalira bwinobwino, koma patali zimabalalika. Kwa munthu wofuna kuopseza anyani m'munda zimenezo zilibe kanthu. Kwa munthu wa mpikisano, wofuna kuti zisanu zilowe pabowo limodzi, ndi nkhani yaikulu.

Za zala zawo sanauze munthu poyamba. Ine ndinayamba kuona kuti kapu ya tiyi ikuwapulumuka kawirikawiri. Tsiku lina anagwira simbi yotentha kumunsi kwake, ndipo anazindikira pokhapokha Amama atakuwa. Kenako m'mawa uliwonse anayamba kundiitana kuti ndiwamange mabatani a malaya, ati ndiphunzire kusamala mwamuna. Ku chipatala ankakana. Ankati ndi dzanzi chabe la nyengo yozizira, ngakhale tinali mu Okutobala ndipo malata ankachita kuthetheka ndi dzuwa.

Nthawi yomweyo anayambitsa kamasewera kena. Akabwera ku mzikiti madzulo tinkakhala pakhonde, iwo n'kuzula tsitsi limodzi m'mutu mwanga, kuliika pa galasi losweka la zenera, n'kuphimba ndi tsamba la kope. Ine ndinkatseka maso n'kumayendetsa chala mpaka nditalipeza. Ndikalipeza ankaonjezera tsamba lina. Pofika kumapeto kwa mwezi ndinkalipeza pansi pa masamba anayi, ndipo ndinkadzimva kuti ndine munthu. Mchimwene wa mnzanga wina anayesa, n'kulephera pa tsamba limodzi lomwe. Ababa sankandiyamikira kwenikweni. Ankangogwedeza mutu n'kunena kuti tsitsi langa likutha, ndisiye kupambana.

Makina akale a ku kalabu anali atatopa. Amene ankayang'anira zonse kumeneko anali Mayi Gondwe, dokotala, yemwenso anali katswiri wowombera pa onse ndipo ankakonzekera mpikisano wa kunja kwa dziko. Anamva kuti famu ina yotsekedwa inagulitsa katundu wake yense, ndipo makina awiri a mtundu womwewo anathera kwa munthu wogulitsa zitsulo zakale ku Biwi. Anauza Ababa kuti popeza iwo ndiwo adzawagwiritse ntchito, apite okha akasankhe amodzi, ndipo chimene asankhe kalabu idzatumiza galimoto kukatenga.

Lachisanu masana, atabwera kopemphera, Ababa anandiitanira kuseri kwa nyumba kumene Amama ankayanika zovala. Anaonetsetsa kuti azing'ono anga ali kutali.

“Asiyatu, mawa upita nane ku Biwi,” anatero. “Zala zangazi zafa. Ndikufuna zako.”

Aka kanali koyamba kuti azinene. Anandifotokozera bwinobwino, ngati akulankhula ndi munthu wamkulu. Ine ndidzaika nsonga ya chala pamzere pamene mutu wa makina umakumana ndi thupi lake. Iwo adzakokera mkono pansi mwamphamvu. Ngati ndimva chilichonse chikusuntha, ngakhale chochepa kuposa tsitsi lija, ndinene. Ananenanso, mosazungulira, kuti akasankha makina oipa a ku kalabu adzafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo akadziwa za zalazo ntchito yatha. Sindinganame kuti sindinamvetse. Ndinamvetsa zonse, ndipo ndinanyada kwambiri.

M'mawa mwake tinakwera minibasi pamsewu waukulu, tinatsika ku depoti, n'kukwera ina. Ku Biwi Loweruka m'mawa kumanunkha oyilo wakale ndi mphira wopsa. Paliponse pamakhala galimoto zopanda matayala zitakhazikidwa pa njerwa, ndipo kulira kwa nyundo sikuleka. Ndinali nditavala diresi langa la Idi ndi mpango woyera, zimene zinali zopusa, koma Amama anati sindingapite kwa Che Bwanali ngati mwana wosowa kwawo.

Apa ndiyenera kufotokoza za Che Bwanali, chifukwa sanali wogulitsa zitsulo wamba kwa ife. Ababa atafika ku Lilongwe ali mnyamata, ndi kajumbo ka pulasitiki m'manja, anagona pansi m'shopu ya Che Bwanali miyezi isanu ndi itatu. Anali Che Bwanali amene anawaphunzitsa kugwira sipanala, amene anawauza za ntchito ya ku kalabu, ndiponso amene anaima ngati nkhoswe pa ukwati wawo ndi Amama. Dzina langali ndi la malemu mayi a Che Bwanali. Kunyumba kwathu dzina lawo linkatchulidwa ndi mawu otsika. Anali wamtali, wa ndevu zoyera, wovala mkanjo umene kumunsi kwake kunali madontho a oyilo a zaka zambiri.

Atandiona anatambasula manja n'kuuza anzawo kuti mkazi wawo wamng'ono wabwera, ndipo wakula moti amuchotsa wamkulu uja. Ndi momwe agogo amasekera ndi zidzukulu, ndipo ine ndinagwada n'kubisa nkhope monga mwa mwambo. Anatuma munthu kukandigulira botolo la chakumwa chozizira ndi banzi. Anandikhazika pa mpando wa galimoto wozulidwa, umene unali mpando wolemekezeka pabwalo lonselo.

Makina aja anali atawaika pa chitseko chakale chogonekedwa pa migolo iwiri, atawamangirira ndi mabawuti kuti ayesedwe. Amodzi anali otuwa, a mabowo anayi, a fumbi ndi timadontho ta dzimbiri, ndipo m'bowo limodzi mavu anali atamangamo kanyumba kadothi. Enawo anali ofiira, a mabowo asanu ndi limodzi, owala ngati atuluka m'sitolo dzulo. Che Bwanali anafotokoza kuti atangomva kuti makinawo ndi a ntchito ya Saidi, anasankha okongolawo n'kukhala nawo masiku atatu. Anawamasula, kuwatsuka, kupaka girisi watsopano wokhuthala pansi pa mutu, ndipo mkono anaupenta okha ndi burashi yaing'ono. Za mfuti sankadziwa kanthu, ndipo ananena okha. Anati chimene akudziwa n'chakuti mwana wawo sangapite kwa mabwana ndi chinthu cha mavu.

Madoda atatu a m'magalaja oyandikana anali atabwera kudzaonerera. Mmodzi anati ofiirawo ngakhale wakhungu angawasankhe. Onse anaseka, Ababa nawonso anaseka.

Ababa anayenda mozungulira makina onse awiri, kuwerama, kuyang'ana m'mabowo, kutembenuza mitu n'kumvetsera kulira kwake. Kenako ananena mwanthabwala kuti mwana wawoyu amakonda makina kuposa miphika, abwere agwireko. Ndinaimirira, botolo lili kumanzere, n'kuika chala cha kumanja pamzere wa makina otuwa. Ababa anakoka mkono katatu. Zinali ngati ndagwira khoma. Palibe chimene chinasuntha.

Tinapita pa ofiira. Girisi anali wozizira ndi woterera pansi pa chala. Ababa anakoka, ndipo pamapeto penipeni pa kukokako ndinamva mutu ukunyamuka. Kanali kakang'ono, ngati dzino limene langoyamba kugwedera, loti mwini yekha ndiye akulidziwa. Anakokanso, ndinamvanso. Kachitatu chimodzimodzi. Sindinakayike ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero ndimatha kukamva kagwederoko ndikakaganiza.

“Nanga mkazi wanga akuti bwanji?” anafunsa Che Bwanali, akumwetulira, manja ali kumbuyo.

Ababa anandiyang'ana. “Ukumva kugwedera?”

Ndinayang'ana pansi. Ndinaona mapazi a Che Bwanali m'patapata, ndi kadontho ka penti wofiira pa chala chawo chachikulu.

“Ayi, Ababa.”

“Onse awiri?”

“Onse awiri ali bwino.”

Ndakhala ndikudzifunsa kuti m'mutu mwanga munali chiyani nthawi imeneyo, ndipo yankho lake si lozama. Ndinaleredwa kuti mwana satsutsa wamkulu pagulu. Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu ndinakonzapo azakhali anga atalakwitsa dzina la mwana wa anansi, ndipo Amama ananditsina ntchafu pansi pa tebulo mpaka panachita chizindikiro. Ku madarasa, ku sukulu, pa maliro, phunziro linali lomwelo: wamkulu akanena, iwe vomera, zako sunga. Tsopano apa panali munthu amene anasunga bambo anga, atakhala masiku atatu akupukuta chitsulo chifukwa cha chikondi, anzake atatu akuonerera, banzi lake lili m'mimba mwanga. Ndinadziuza kuti kagwederoko n'kochepa kwambiri, mwina makina onse amatero. Ndinadziuzanso kuti ndiwauza Ababa tikatuluka.

Popeza onse anali bwino, nkhani inatha msanga. Mabowo asanu ndi limodzi amaposa anayi, ndipo panalibe chifukwa chokanira mphatso ya thukuta la munthu. Ababa anasankha ofiira. Che Bwanali anawagwira dzanja nthawi yaitali, ndipo madoda aja anabwerera ku nyundo zawo.

Titatuluka sindinanene. Mu minibasi munali anthu ambiri, ndinati ndinena ku depoti. Ku depoti Ababa anandigulira tchipisi ya pachiwaya, yothira kabichi ndi tsabola, chinthu chimene sanachitepo chiyambire, ndipo anati ndisawauze azing'ono anga. Ndinadya yonse. Kunyumba anauza Amama kuti mwana wawo wagwira ntchito ya munthu wamkulu. Pofika Lolemba galimoto ya kalabu inali itakatenga makinawo, ndipo tsiku lililonse lodutsa linkapangitsa kuti kunena kukhale kovuta kuposa dzulo lake. Patapita mlungu ndinayamba kukhulupirira kuti mwina sindinamve kanthu.

Masiku oyamba zinthu zinayenda bwino, ndipo izi zinandithandiza kudzinamiza. Ababa anayeza zipolopolo zoyambirira ndi kachipangizo kawo koyezera, n'kupeza kuti zonse zinali zofanana. Girisi wokhuthala uja anali akadagwira mutu. Koma girisi amafinyika ndi ntchito, ndipo pamene ankatuluka pang'onopang'ono, kugwedera kunkakula. Timizere ta pa kachipangizo koyezera tinali titayamba kuwavuta maso, choncho ataona kuti zoyamba zili bwino anasiya kuyeza chimodzichimodzi. Anali ndi chifukwa chokhulupirira makinawo, ndipo chifukwacho chinali ine.

Patapita milungu itatu ndi masiku angapo, Lachitatu, ndinabwera ku sukulu cha m'ma wani koloko n'kupeza nsapato za Ababa pakhomo. Sankabwera masana pakati pa mlungu. Ndinalowa mwakachetechete n'kukhala kuseri kwa katani, ndipo ndinamva akufotokozera Amama ndi mawu wamba, ngati akunena za munthu wina.

Mayi Gondwe anali atadandaula kwa masiku angapo kuti zipolopolo zawo zikubalalika pa chandamale. Poyamba anaganiza kuti ndi mphepo, kenako mfuti, kenako maso awo. Tsiku limenelo anatenga zipolopolo makumi awiri, kuziimika pa galasi, n'kuziyeza okha chimodzichimodzi. Atatha anapita ku kachipinda kaja n'kupempha Ababa kuti agwire mutu wa makina, iwo akoke mkono. Ababa anagwira, n'kunena kuti sakumva kanthu. Mayi Gondwe anaikapo chala chawo. Panthawiyi kugwederako kunali koti aliyense akanakumva. Sanakalipe. Anatenga manja a Ababa, kuwauza kuti atseke maso, n'kuyamba kuwabaya pang'onopang'ono nsonga za zala ndi pini, kufunsa kuti ndi chala chiti. Ababa analephera zonse khumi.

Mayiwo anali dokotala, ndipo anachita zimene dokotala amachita. Analemba kalata ya ku chipatala, n'kunena kuti akuganiza kuti ndi matenda a shuga ndipo achedwa nawo kale. Kenako ananena kuti sangasiye munthu wosamva zala zake m'chipinda chosungiramo wonga, ngakhale atamukonda chotani. Anawapempha makiyi a maloko onse awiri.

Amama sanalire. Anafunsa ngati Ababa adya, ndipo atayankha kuti ayi, anatuluka kukasonkha moto. Podutsa anandiona kuseri kwa katani, n'kupitirira.

Ababa anandiitana. Anali atakhala pa bedi, manja ali pa maondo, zikhatho zitayang'ana m'mwamba.

“Tsiku lija ku Biwi, unamva?”

“Ndinamva, Ababa.”

“Kangati?”

“Katatu konse.”

Ndinkayembekeza lamba, ndipo kunena zoona ndinkamufuna, chifukwa lamba amatha. Anangofunsa chifukwa chake. Ndinati ndinachita manyazi ndi Che Bwanali, sindinafune kuwachotsa ulemu pamaso pa anzawo.

“Ulemu wopatsa Che Bwanali ndinali nawo wanga wokwanira,” anatero Ababa. “Ndinapita nawo wodzaza thumba. Chimene ndinalibe ndi zala.”

Apo m'pamene ndinalira. Ndinawapempha kuti andilole ndipite kwa Mayi Gondwe ndikawauze kuti wolakwa ndine. Anakana. Anati akakamva kuti makina a kalabu anasankhidwa ndi mwana wa Sitandade 7 ndiye kuti ndawonjezera mlandu, ndiponso kuti wobisa matenda anali iwo, osati ine. Amama, amene ankamvetsera ali pakhomo ndi mbaula m'manja, anati manyazi anapha lambe, ndipo m'nyumba muno muli alambe awiri, wamkulu ndi wamng'ono. Palibe amene anaseka.

Chilango changa chinabwera Loweruka. Ababa anali atapempha Mayi Gondwe chinthu chimodzi chomaliza: kuti awalole kubweza okha makina ofiira ndi kukatenga otuwa, kuti wobwera pambuyo pawo asavutike. Galimoto ya kalabu inatipeza pamsewu waukulu, makinawo ali kumbuyo atakutidwa ndi chiguduli. Tili m'njira Ababa anandiuza kuti iwo sakalankhula kanthu. Wonena ndikhala ine, pabwalo lomwelo, madoda aja alipo kapena palibe.

Analipo, ndipo anali atachuluka, chifukwa galimoto yachilendo ku Biwi imaitana anthu. Che Bwanali anatuluka akupukuta manja, n'kundiitana ndi dzina lija la mkazi wawo. Ataona chiguduli chikuvundukulidwa, kumwetulira kunachepa. Anayang'ana Ababa. Ababa anayang'ana ine.

Ndinagwada pa dothi la oyilo. Mawu anatuluka aang'ono moti anandiuza kuti ndibwereze.

“Agogo, makina ofiirawa amagwedera mutu. Ndinamva tsiku lija, koma ndinanama.”

Ndinkaganiza kuti bwalo lonse likhala chete, kuti nkhope yawo igwa, kuti ubale wa zaka makumi awiri uthera pamenepo. Che Bwanali anangoitanitsa palafini ndi kansanza. Anatsuka girisi yense amene anapaka ndi manja awo, kumangirira makinawo pa chitseko chija, kuika chala pamzere, n'kuuza dalaivala kuti akoke. Anamvetsera ndi chalacho maso ali kumwamba. Kenako anaitana mmodzi wa madoda aja kuti nayenso agwire, ndipo uja anavomera kuti inde, zikusewera.

“Zoona, zikugwedera,” anatero Che Bwanali. Anandiyang'ana modabwa, osati mokwiya. “Nanga bwanji sunanene, mwana iwe? Ine ndimagulitsa zitsulo zakutha. Tsiku lililonse anthu amandiuza kuti ichi n'chakufa, ichi n'chokhota. Ndikanati ndizikwiya bwenzi nditafa kalekale.”

Anauza anthu kuti atsitse otuwa pa shelefu pamene anawaponya, anachotsa okha kanyumba ka mavu ndi msomali, n'kundiitana kuti ndigwirenso, ndipo ulendo uno ndinene mokweza. Ndinagwira. Anali olimba ngati poyamba. Kusinthanako sikunatenge ngakhale mphindi khumi.

Makinawo atakwezedwa m'galimoto, Che Bwanali anafunsa Ababa ngati mabwana sanakhumudwe kwambiri ndi kuchedwaku. Ababa anayankha kuti iwo sali kumenekonso kuyambira Lachitatu, ndipo anawaonetsa manja awo n'kufotokoza mwachidule. Mkulu uja anakhala pansi pa mpando wa galimoto uja. Sanandiyang'anenso tsiku limenelo, ndipo sindikuganiza kuti chinali chifukwa cha mkwiyo. Anangonena kangapo, motsitsa, kuti girisi uja anapaka ndi iwo. Dalaivala anatisiya ku depoti, n'kupitiriza yekha ndi makina otuwa kupita ku kalabu, kumene munthu wina anawagwiritsa ntchito zaka zambiri.

Ku chipatala anapezadi shuga. Ababa anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi, akumwa mankhwala ndi kudandaula za tiyi wopanda kukoma. Ankakhala pa benchi ya Amama ku msika, kumene anayamba kugulitsa nsomba zouma, ndipo ntchito yawo inali kuingitsa ntchentche ndi kukangana ndi anzawo za mpira. Nkhani ya ku Biwi sanaitchulenso, ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pamene ndinkawalakwira pa zinthu zina ndipo inali pafupi kuti aitole.

Lero ndimagwira ntchito yoyeza magazi m'chipatala china mumzinda momwe muno, ndipo ndikudziwa zinthu zimene sindinkadziwa ndili mwana. Ndikudziwa kuti Mayi Gondwe sanalakwe. Munthu wa zala zakufa sayenera kukhala m'chipinda chija, ndipo ngakhale ndikananena zoona, tsiku lina zikanadziwikabe, mwina m'njira yoipa kuposa iyi. Ndikudziwanso kuti kalata ija ya ku chipatala ndiyo inawapatsa zaka zisanu ndi zinayizo. Azing'ono anga amakonda kundikumbutsa zimenezi, ati bodza langa linapulumutsa Ababa. Ndimawalola kuti atero, koma sindivomereza, chifukwa pamene ndinkanama sindinkadziwa chilichonse cha zimenezo.

Chimene ndinazindikira mochedwa n'chakuti tsiku lija sindinkateteza Che Bwanali. Iwo sankasowa chitetezo changa, ndipo kukhala chete kwanga kunawapweteka kuposa mmene mawu anga akanawapwetekera. Ndinkadziteteza ndekha, kuti ndisaoneke mwana wamwano pamaso pa madoda anayi, ndipo ndinazitcha ulemu chifukwa ndilo dzina limene ndinaphunzitsidwa. Pabwalo lonse lija panali munthu mmodzi yekha amene anandiululira kufooka kwake n'kudalira yankho langa, ndipo ndi yekhayo amene ndinamunamiza.